Zoti dzimangireni m'chiuno zija zinachokera kuti

Pali mawu ena a m'Baibulo amene tinawazolowera mpaka sitimawamvanso. Mlaliki akafuula kuti abale dzimangireni m'chiuno ife timangoti ameni basi, wina mpaka kuwomba m'manja, koma mutamuimitsa panja pa tchalitchi n'kumufunsa kuti kodi akumanga chiyani m'chiunomo, ambiri angokuyankhani kuti ndi kulimba mtima. Sanalakwe kwenikweni ayi. Kungoti eni ake mawuwa sankawamva ngati za mumtima, inali ntchito ya manja imene munthu ankachita asanatuluke pakhomo, ndipo mukaidziwa ntchitoyo mavesi ambirimbiri amayamba kumveka mwina.

Ku Israeli wakale kunalibe thalauzi, kunalibe zipi, kunalibe matumba a m'zovala. Mwamuna ndi mkazi yemwe ankavala mkanjo wa ubweya wa nkhosa kapena wa bafuta, wina wolekeza m'mawondo wina wofika mpaka mu akakolo, pamwamba pake n'kufunda chofunda chachikulu chimene usiku chinkasanduka bulangete. N'chifukwa chake lamulo la pa Eksodo 22 limati ukatenga chofunda cha mnzako ngati chikole ubweze dzuwa lisanalowe, nanga apo ayi agona atafunda chiyani. Izitu sizongoganizira. Mu 701 BC mfumu ya Asuri, Senakeribu, italanda mzinda wa Lakisi ku Yuda inauza amisiri ake kuti aseme nkhondo yonseyo pa makoma a nyumba yake yachifumu ku Nineve, ndipo miyala yosemedwayo lero ili ku British Museum ku London. Mukaiyang'ana mumaona anthu a ku Yuda akutulutsidwa mu mzinda wawo, azimayi mikanjo mpaka kumapazi ndi nsalu zazitali kumutu, timatumba pamapewa, ana m'mbali, ngolo za ng'ombe, amuna ena atagwada pamaso pa mfumu mu mikanjo yaitali. Koma asilikali amene akukwera linga aja zovala zawo n'zazifupi ndipo m'chiuno muli chilamba chachikulu chomanga bwinobwino.

Ndiye taganizani mutavala chovala chachitali chotere ndipo mukufuna kuthamanga, kukolola, kukwera phiri kapena kumenya nkhondo. Chikupiringizani m'miyendo mugwa chafufumimba. Chimene ankachita n'kukweza nsonga za m'munsi za mkanjowo, kuzisonkhanitsa pamodzi n'kuzipanikiza mu lamba kuti miyendo ikhale pamtunda kuyambira m'mawondo. Aliyense amene anaonapo mayi akukwinda chitenje kuti alowe m'dimba kapena awoloke mtsinje wodzaza akudziwa kale zimene ndikunena, ndipo akudziwanso kuti palibe amene amakwinda ali kale pakati pa madzi, umakwindiratu uli pamtunda.

Lambayo sanali wongokongoletsa. Poti matumba kunalibe, ndalama ankaika mu lamba, n'chifukwa chake Yesu potuma ophunzira ake anawauza kuti asatenge ndalama m'malamba mwawo. Lupanga linkapachikidwa pamenepo, mlembi nayenso kachibotolo kake ka inki kankakhala m'chiuno monga tikuonera pa Ezekieli 9. Yonatani pochita pangano ndi Davide anamupatsa mkanjo, lupanga, uta ndi lamba yemwe. Yowabu anauza msilikali wina kuti ukanamupha Abisalomu ndikanakupatsa ndalama zasiliva khumi ndi lamba, kutanthauza kuti inali mphoto ya ulemu kwa msilikali. Eliya anthu ankamudziwira lamba wachikopa, Yohane Mbatizi chimodzimodzi. Ndipo kumasula lamba kunali kupuma, kapena kugonja kumene. Yesaya pofotokoza gulu lankhondo loopsa limene likubwera akuti palibe mmodzi amene lamba wake wamasuka kapena chingwe cha nsapato yake chaduka, ndiye kuti anthu osaima panjira.

Kumene mawuwa amamveka kwambiri koyamba ndi usiku wa Pasika ku Igupto, pa Eksodo 12:11. Anthu akuuzidwa kadyedwe ka nkhosa ija, m'chiuno momanga, nsapato kuphazi, ndodo m'manja, ndipo adye mofulumira. Ife tikawerenga timangodutsa koma kwa anthu amenewo zinali zachilendo zedi chifukwa polowa m'nyumba nsapato umavula n'kusamba mapazi, lamba umamasula, ndodo umayedzeka kukhoma. Kudya uli chivalire zonsezi ndi kadyedwe ka munthu amene akudziwa kuti nthawi iliyonse wina agogoda kuti tiyeni. Buledi wake wopanda chofufumitsa, ufa wokanda anangoukulunga mu nsalu pamodzi ndi zokandiramo n'kusenza pamapewa. Ndipo chimene anamangira m'chiunocho sichinali chisangalalo chokha ayi, kutsogolo kwawo kunali nyanja, kunali madzi owawa a ku Mara, njala, ludzu ndi zaka 40 m'chipululu.

Patapita zaka mazanamazana mwambowu unasintha. Aphunzitsi achiyuda amene malamulo awo analembedwa mu Mishnah cha m'ma 200 AD ankasiyanitsa Pasika wa ku Igupto ndi Pasika wa mibadwo yotsatira, akuti zodya mofulumira zinali za usiku umodzi wokhawo. Iwo analamula kuti ngakhale mmphawi wa mu Israeli adye Pasika atatsamira, chifukwa kudya chotsamira kunali kadyedwe ka mfulu, kapolo ndiye amadya chiimire. Asamariya okha, amene lero atsala osakwana 1,000, mpaka pano amaphabe nkhosa za Pasika pa phiri la Gerizimu pafupi ndi Nablus, kuziotcha m'maenje a moto n'kudya usiku womwewo mofulumira.

Za Eliya aliyense amazikonda. Chilala cha zaka zitatu ndi theka chatha, kamtambo konga dzanja la munthu kaoneka kunyanja, mfumu Ahabu wakwera galeta wake kuti mvula isamutsekereze, Eliya n'kudzimangira m'chiuno n'kuthamanga patsogolo pa galetayo kuchokera pa phiri la Karimeli mpaka ku Yezireeli, mtunda wopitirira makilomita 20. Maulaliki ambiri amathera pamenepa ndipo ine zimandipweteka, chifukwa mutu wotsatira womwewo Yezebeli mkazi wa Ahabu akutumiza uthenga kwa Eliya kuti mawa nthawi ngati yomwe ino ukhala utafa, ndipo munthu yemwe uja wothamanga kuposa akavalo akuthawa mpaka ku Beereseba, kusiya mnyamata wake kumeneko, kuyenda tsiku lathunthu m'chipululu n'kukhala pansi pa kamtengo kupempha kuti afe. Mngelo atabwera sanamudzudzule, anamupatsa mkate ndi madzi kawiri konse n'kumuuza kuti idya chifukwa ulendowu wakukulira. Amene amatiuza kuti munthu wa chikhulupiriro satopa kaya mutu umenewu amaudumpha bwanji.

Elisa naye potuma Gehazi kwa mwana womwalira uja wa mayi wa ku Sunemu anamuuza kuti dzimangire m'chiuno, tenga ndodo yanga, ukakumana ndi munthu usamupatse moni ndipo wina akakupatsa moni usayankhe. Moni wa kumeneko unali wautali, wofunsana za kunyumba ndi ziweto zomwe, ndiye womanga m'chiuno analibe nthawi imeneyo.

Pali mwambi wina wa za lamba womwe sutchulidwa kawirikawiri, mwina chifukwa anaunena ndi Ahabu amene timamudziwa ndi zoipa zokhazokha. Benihadadi mfumu ya Aramu anazinga Samariya ali ndi mafumu ena 32, n'kumatumiza mauthenga odzitama kuti fumbi la Samariya silikwanira kuti asilikali anga aliyense atapeko dzanja limodzi. Ahabu anangoyankha kuti kamuuzeni, amene akumanga kumene zida asadzitame ngati amene akuzivula. Zili pa 1 Mafumu 20:11. Uthengawo unamupeza Benihadadi akumwa mowa m'misasa, ndipo tsiku lomwelo anathawa pa kavalo. Ndiye kuti kwa anthu amenewa kumanga lamba sikunali kupambana, kunali kuvomera chabe kuti nkhondo ilipo ndipo sukudziwa ngati ubwerako.

Koma amene mawuwa anamulemera kwambiri ndi Yeremiya. Anaitanidwa m'chaka cha 13 cha mfumu Yosiya, cha m'ma 627 BC, ali mnyamata wa ku Anatoti, kamudzi ka ansembe ka pa mtunda wa makilomita asanu okha kuchokera ku Yerusalemu. Iye akudandaula kuti ndine mwana sinditha kuyankhula, Mulungu akumuuza kuti dzimangire m'chiuno, nyamuka ukawauze zonse zimene ndikulamule, ndipo pomwepo akumuuziratu amene adzalimbane naye, mafumu a Yuda, akalonga, ansembe ndi anthu wamba, ndiye kuti dziko lonse. Sanamunamize. Zaka pafupifupi 40 zotsatira anthu a m'mudzi mwake momwe anamupangira chiwembu, anauzidwa kuti asakwatire kapena kubereka ana, wansembe Pasuri anamumenya n'kumuika m'matangadza usiku wonse pa chipata, mfumu Yehoyakimu inatenga mpukutu wa mawu ake n'kumaudula ndi kampeni chidutswa chidutswa kumaponya pa moto umene inkaotha.

Tsiku lina atatopa anafunsa Mulungu funso limene tonse timafunsa, chifukwa chiyani oipa zinthu zimawayendera. Yankho lake pa Yeremiya 12:5 ndi limodzi mwa mawu olimba kwambiri m'Baibulo lonse, akuti ngati wathamanga ndi oyenda pansi ndipo akutopetsa nanga udzapikisana bwanji ndi akavalo, ngati ukugwa m'dziko la mtendere udzatani m'nkhalango za ku Yordano. Nkhalango zimenezo ndi ziyangoyango za m'mbali mwa mtsinje wa Yordano, mabango ndi zitsamba zothinana, ndipo nthawi imeneyo munkakhala mikango, Yeremiya yemweyo amatchula mkango wotuluka m'menemo. Lero vesili ena amalilalikira ngati lonjezo loti udzathamanga ndi akavalo, udzakwezedwa, udzaposa anzako. Werengani vesi lotsatira, likuti ngakhale abale ako a m'nyumba ya bambo ako akuchitira chiwembu, usawakhulupirire ngakhale akuyankhule zokoma. Munthu akuuzidwa kuti zimene ukulirazi ndi zoyamba chabe.

Ndipo zinafikadi. Ababulo atazinga Yerusalemu akalonga anamutsitsira ndi zingwe m'chitsime chopanda madzi, munali thope lokhalokha ndipo anamira m'thopemo. Amene anapita kwa mfumu Zedekiya kukamuchonderera sanali wansembe kapena mbale wake, anali Ebedi-Meleki Mkusi, munthu wochokera kumwera kwa Igupto kumene lero kuli Sudan, wantchito wa m'nyumba ya mfumu. Kanthu kamene kamandigwira mtima ndi aka, asanapite kuchitsimeko anayamba wakatola nsanza ndi zovala zakutha, n'kuzitsitsa ndi chingwe, n'kumuuza Yeremiya kuti ikani nsanzazi m'khwapa mwanu kuti zingwe zisakuchekeni. Ankadziwa kuti nkhalamba yowonda ndi njala ukaikoka ndi chingwe chokha khungu lisupuka. Yerusalemu anagwa cha mu 586 BC, ndipo Yeremiya anathera ku Igupto kumene anthu ake anamutengera mokakamiza.

Yobu naye atalira mitu yambirimbiri Mulungu akuyankha mu kamvuluvulu kuti dzimangire m'chiuno ngati mwamuna, ndikufunsa ndipo undiyankhe, ndipo akunena kawiri, mutu 38 ndi mutu 40. Mawu akuti ngati mwamuna amenewa asatipusitse kuti zinali za amuna okha. Mkazi wa pa Miyambo 31 uja, amene amagula munda, kulima mpesa, kupota thonje ndi kudzuka kusanache, vesi 17 likuti amamanga m'chiuno mwake ndi mphamvu n'kulimbitsa manja ake.

Pofika nthawi ya Yesu mawuwa ankapita kwambiri kwa antchito a m'nyumba. Pa Luka 12:35 akuti khalani omanga m'chiuno ndipo nyale zanu zikhale zoyaka, ngati antchito odikira bwana wawo amene wapita ku ukwati ndipo sakudziwa kuti abwera pakati pa usiku kapena mbandakucha. Nyale zake zinali tating'ono tadothi tokwana m'chikhatho, mafuta a olivi ndi kachingwe, ukangogona pang'ono yazima, ndiye kudikira kumeneko inali ntchito, kuthira mafuta, kukonza chingwe, osavula. Chodabwitsa chili kumapeto, akuti bwanayo akawapeza ali maso iyeyo ndiye adzadzimangira m'chiuno n'kuwakhazika pansi n'kuwatumikira. Omvera ake ankadziwa kuti palibe bwana amene amachita zimenezo. Usiku wake womaliza Yesu anachitadi, kuvula chofunda, kutenga thaulo n'kudzimanga nalo m'chiuno, n'kuyamba kusambitsa mapazi.

Mawu ena amene tawafewetsa kwambiri ndi oti senza mtanda wako. Lero mtanda wanga ndi apongozi ovuta, ndi shuga, ndi mwana wosamva. Sindikupeputsa mavuto amenewo, ndi enieni ndipo amaliza anthu. Koma tiyeni tione zimene anthu a ku Galileya ankaona m'maso mwawo akamva mawuwa, pa nthawi imene mtanda unali usanakhale pakhosi pa munthu kapena pamwamba pa tchalitchi.

Aroma ankapachika akapolo, achifwamba ndi oukira boma, nzika ya Roma kawirikawiri sinkapachikidwa, ndipo Cicero, wandale wotchuka wa ku Roma, ananena kuti ngakhale dzina lokha la mtanda lisamayandikire maganizo, maso kapena makutu a nzika ya Roma. Mu 71 BC atagonjetsa akapolo oukira otsogozedwa ndi Spartacus, mkulu wa asilikali a Roma Crassus anapachika anthu 6,000 m'mbali mwa msewu wochokera ku Capua kupita ku Rome. Kufupi ndi kwawo kwa Yesu, Herode Wamkulu atamwalira mu 4 BC dziko linawira, ku Galileya anthu anathyola nkhokwe ya zida mu mzinda wa Sepphoris, ndiye Varus bwanamkubwa wa Siriya anatsika ndi asilikali, Sepphoris anautentha anthu ake n'kuwagulitsa ukapolo, ndipo wolemba mbiri Josephus akuti anapachika anthu pafupifupi 2,000. Sepphoris ali pa mtunda wa makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi kuchokera ku Nazarete. Ndiye Yesu anakulira pakati pa anthu amene utsi umenewo anauona ndi maso, ena mwina abale awo anali pa mitandayo. Ndipo zinapitirira, mu 70 AD mkulu wa asilikali a Roma Titus atazinga Yerusalemu Josephus yemweyo akuti ankagwira anthu 500 kapena kuposa pa tsiku n'kumawapachika moyang'anana ndi linga mpaka malo oimikapo mitanda anasowa.

Mu 1968 ku Giv'at ha-Mivtar, kumpoto kwa Yerusalemu, ofukula za kale anapeza kabokosi kamwala ka mafupa kolembedwa dzina loti Yehohanan. M'fupa la chidendene munali msomali wachitsulo wa masentimita pafupifupi 11, nsonga yake yopindika, n'chifukwa chake omuika m'manda analephera kuuzula anangomuika nawo. Woweruzidwa ankasenza mtengo wopingasa uja pamapewa kudutsa m'misewu anthu akuonerera mpaka pamalo ophera. Ndiye munthu wosenza mtanda sanali munthu wopirira vuto lalitali, anali munthu amene mlandu wake watha kale, sabwereranso kunyumba. Yesu ananena izi atangowauza kuti iye akupita kukaphedwa, Petro n'kumutengera pambali kumudzudzula. Palibe amene akufuna kukopa gulu amene angasankhe mawu otere.

Chikho nachonso chimodzimodzi. Kwa aneneri chikho chinali gawo limene munthu wapatsidwa kuti amwe, nthawi zambiri chowawa. Yakobo ndi Yohane atapempha mipando ya kumanja ndi kumanzere, Yesu anawafunsa ngati angathe kumwa chikho chimene iye amwe, iwo n'kuyankha msangamsanga kuti inde tingathe. Yakobo anaphedwa ndi lupanga ndi Herode Agripa, amene naye anamwalira mu 44 AD. Agripa yemweyo ataona kuti anthu zawasangalatsa anagwiranso Petro, nthawi yake ya Pasika, n'kumuika pakati pa asilikali awiri womangidwa maunyolo awiri. Mngelo atamudzutsa usiku mawu ake ndi omwe aja a ku Igupto, dzimangire m'chiuno, vala nsapato zako, funda chofunda chako unditsate.

Petro yemweyu anali atauzidwa kale m'mbali mwa nyanja ya Galileya kuti uli mnyamata unkadzimanga wekha n'kupita kumene ukufuna, koma ukadzakalamba udzatambasula manja ako ndipo wina adzakumanga n'kukutengera kumene sukufuna. Akhristu akale anasunga mbiri yoti anaphedwa ku Rome mu ulamuliro wa mfumu Nero, amene moto wa mu 64 AD utapsereza mzindawo anakankhira mlandu kwa Akhristu. Kalata yoyamba ya dzina la Petro, imene imati mangani m'chiuno mwa maganizo anu ndipo musadabwe ndi mayesero a moto ngati kuti chachilendo chakugwerani, inapita kwa okhulupirira a ku Ponto, Galatiya, Kapadokiya, Asiya ndi Bituniya, kumene lero ndi dziko la Turkey.

Ndipo tikudziwa zimene zinawapeza anthu a kumeneko chifukwa cha kalata ya munthu amene sanali Mkhristu n'komwe. Cha m'ma 112 AD Pliny anali bwanamkubwa wa Bituniya ndi Ponto ndipo analembera mfumu Trajan kufunsa nzeru za momwe angaweruzire Akhristu. Akufotokoza yekha kuti ankawafunsa katatu ngati ali Akhristu, akuwaopseza ndi imfa, ndipo okakamira ankawatumiza kukaphedwa, nzika za Roma zokha ndi zimene ankazilemba kuti zipite ku Rome. Wokana ankamuyesa pomuuza kuti apemphere kwa milungu, athire vinyo ndi lubani pa fano la mfumu ndipo atukwane Khristu. Ena anachitadi, ena n'kunena kuti tinasiya kale zaka 20 zapitazo. Pofuna kudziwa zoona anazunza akapolo awiri achikazi amene ankatumikira mu mpingo, ndipo zonse zimene anapeza n'zoti anthuwa amakumana kusanache pa tsiku loikika, kuimbira Khristu nyimbo ngati mulungu, kulumbira kuti saba, sachita chigololo, saphwanya lonjezo ndipo sakana kubweza chimene wina anawasungitsa, kenako amabalalika n'kudzakumananso kuti adye chakudya wamba. Trajan anayankha kuti asamachite kuwasaka ndipo makalata owaneneza opanda dzina asamawalandire, koma amene wanenezedwa n'kupezeka kuti ndi Mkhristu ndipo akukana kupembedza milungu ya Roma, ameneyo alangidwe.